Tsiku Limene Mimba ya Pokuaa Inalowa M'mafoni

Mzere wa ogula waakye, mpunga wophikira limodzi ndi nyemba, unali utakhota kale kudutsa ngalande ya pa Bantama mumzinda wa Kumasi pamene mayi wina wa duku lachikasu anadumpha anzake onse, kuzungulira tebulo, n'kumukumbatira Pokuaa m'chiuno.

"Mulungu sagona, Maame Shito! Mulungu sagona!" anakuwa mayiyo uku akusisita mimba ya Pokuaa ndi chikhatho chonse ngati akusankha chivwende pamsika. "Nditaona ndinagwetsa misozi ine. Ameneyu ndi mnyamata, ndikukuuzani. Taonani mmene mphuno yatupiramu!"

Pokuaa anangouma, chipande chili m'manja. Mayiyo sankamudziwa n'komwe.

"Chotsani dzanja lanulo," anatero motsitsa mawu.

Koma mawu akewo anamira m'phokoso. Mzere wonse unali ukuwomba m'manja, amayi akuimba nthungululu. Woyendetsa takisi wina, amene ankadya pamenepo tsiku lililonse, anakweza dzira lake lowiritsa m'mwamba ngati chikho cha mpira.

"Mukawauze amuna anu, achimwene a kugalaja ku Suame, kuti tawavulira chipewa!" anafuula. "Makaniko weniweni ameneyo. Injini yalira!"

"Mukunena chiyani kodi anthu inu?"

"Aa! Mukufuna kutibisirabe? Ife a m'banja?" Mayi wa duku uja anasolola foni m'kamisolo n'kuiika pamphuno pa Pokuaa.

Pa foniyo panali apu ija, kapulogalamu kotchedwa Banja la Maame Shito. Pamwamba penipeni panali chithunzi cha iye mwini. Anali atakhala pabenchi la kusikelo ya amayi oyembekezera, duku atalikokera mpaka m'maso, manja atafumbata pamimba. Chinali cha dzulo lake m'mawa. M'munsi mwake munali zilembo zikuluzikulu: ABALE, VINANI! MAYI WATHU ALI NDI PAKATI! Ndipo m'munsi mwa zilembozo anthu anali atakhuthula kale zakukhosi. Wina ankapereka mayina a mwana. Wina ankati tione ngati iyi ikhale, poti ziwiri zija zinapita padera. Wina wodzitcha Mneneri wa Moto analemba kuti mimba imeneyi yakatengedwa kwa sing'anga wa kumpoto, ndipo khamu la anthu linali likutukwanizana naye.

Kutchuka kunamupeza Pokuaa mosayembekezera. Tsiku lina, zaka zingapo m'mbuyomo, ankakalipira kasitomala amene ananena kuti shito wake, tsabola wakuda wokazinga uja, ndi wozizira ngati phala la mwana. Mnzake wogulitsa naye, Oforiwaa, anajambula n'kuponya pa intaneti. Pofika Lamlungu, Kumasi yense anali akubwereza mawu ake. Kuyambira pamenepo Pokuaa ankaphika uku akulalata, Oforiwaa atagwira foni. Ankalalatira amuna aulesi, eni nyumba za lendi, mtengo wa anyezi, abusa okonda ntchafu za nkhuku. Anthu anamupatsa dzina loti Maame Shito, kutanthauza Mayi Shito, ndipo mzere wa patebulo pake unatalika.

Apuyo sanaipange iye, ndipo palibe anamupempha. Munthu wina wokonza mafoni ku Adum, dzina lake Adomako, anangoipanga mwa iye yekha. Inkasonkhanitsa mavidiyo ake onse pamalo amodzi, inkaliza foni iye akangotulutsa yatsopano, ndipo munali bwalo loti omutsatira azichezerapo. Atamva za apuyo, Pokuaa anangoseka. "Asiyeni, akundiitanira makasitomala kwaulere." Iye mwini sanaiike n'komwe pafoni pake.

Koma mimba iyi sinali ya makasitomala. Yoyamba inachoka isanaonekere. Yachiwiri anailengeza yekha pa vidiyo, akuvina ndi chipande, ndipo inadzachoka mwana atayamba kale kugunda, tizovala atagula. Anthu omwe anamuvinira aja ndi omwenso anayamba kufunsana kuti anadya chiyani, analakwira ndani. N'chifukwa chake ulendo uno iye ndi mwamuna wake Boakye anapangana kuti asauze munthu: kaya apongozi, kaya abusa, ngakhale mayi ake omubereka ku Mampong. Sikelo anasankha ya kutali, kuseri kwa mzinda, kumene ankaganiza kuti duku limubisa.

Pokuaa anakankha foni ya mayi uja, n'kumasula apuloni.

"Oforiwaa, gulitsa wekha."

Oforiwaa anali akukulunga mpunga ndi nyemba m'masamba, osadzutsa mutu. "Mtima pansi, mnzanga. Anthuwa akungosangalala nawe."

"Akasangalale ndi mimba za amayi awo!"

Mzere wonse unafa nacho chiseko. Ankayesa ndi sewero lija la masiku onse, ndipo mafoni angapo anali atakwezedwa kale m'mwamba.

Pokuaa anazemba kuseri kwa okala n'kuimbira mwamuna wake. Foni itayankhidwa, kunamveka kulira kwa nyundo ndi zitsulo.

"Wauza ndani?"

"Pokuaa, ndimati ndikuimbire..."

"Usandipusitse, Boakye. Tinali awiri. Ine sindinauze munthu. Ndiye watsala ndani? Mowa wa Loweruka uja unamasula pakamwa, eti? Unafuna anzako adziwe kuti ndiwe mwamuna?"

Nyundo zija zinamveka patali. Boakye anali atatuluka m'galaja. Atayankhula, mawu ake anali ouma.

"Anyamata kuno andinyamula m'mwamba m'mawa uno, ine osadziwa chifukwa. Ndinachita kuonetsedwa pafoni. Ndiye iwe ukuti ndine? Kamwana kaja ndinakakaika m'dothi ndi manja angawa, iwe uli m'chipatala. Ukuyesa ndaiwala?"

Anadula. Pokuaa asanaibweze foni m'thumba, inalira. Anali mayi ake, Maame Konadu.

"Pokuaa."

"Maame, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka ngati chitsiru. Ndili kosesa kutchalitchi, ndiye akubwera mkazi wa katekisiti akuvina, ati agogo, agogo! Ine kucheuka kuti akunena ndani. Iye n'kundionetsa pafoni mwana wanga, amene ndinamubereka ndekha popanda wondigwira dzanja. Nkhani ya m'mimba mwako ndiimvere kwa mkazi wa katekisiti?"

"Maame, ndimafuna kuti papite kaye..."

"Ayi, usavutike. Uli ndi banja lako la m'foni. Likakusambitse lomwelo ukachira."

Nawonso anadula.

Pokuaa sanabwererenso patebulo. Anadumpha ngalande n'kuimitsa trotro, minibasi ya ku Adum. Kondakitala atangomuona anamenya chitseko ndi chikhatho. "Mpando wakutsogolo, abale! Alowa anthu awiri pakhomo limodzi!" Minibasi yonse inaseka, ndipo gogo wina anayamba kumulangiza kuti asamadye mazira. Iye anangoluma mano n'kumayang'ana kunja mpaka anatsika.

Kumupeza Adomako sikunavute. M'kanjira ka okonza mafoni, momwe aliyense amakukoka dzanja, munali shopu imodzi yokha yomwe pakhoma pake panali nkhope ya Pokuaa, yaikulu kuposa chitseko, atatsegula pakamwa, chipande chili m'mwamba. Pansi pa nkhopeyo panawerama bambo wochepa thupi, wa magalasi, akutokosa foni ndi kachitsulo. Atadzutsa mutu anaimirira mothamanga mpaka mpando unagwa.

"Maame Shito! Pashopu panga! Abale, mpando! Madzi ozizira, msanga!"

"Ndiwe Adomako?"

"Ndine, Mayi, kapolo wanu. Ee, lero ndiye lero! Uthenga uja ndinautumiza ndine kwa onse nthawi imodzi. Mukanaona! Anthu analowa ngati nyerere pa shuga, apu inatsala pang'ono kugwa."

"Unandipempha?"

Adomako anamwetulira. "Nkhani yabwino sapempha, Mayi."

"Mimbayi ndi yako?"

Okonza mafoni a m'mashopu oyandikana, amene anali atayamba kale kusonkhana, anaseka mpaka kugwirana mapewa. Kumwetulira kwa Adomako kunachepa.

"Mayi, mundimvetse. Anthu anali ndi nkhawa. Mavidiyo munachepetsa, shito munasiya kulawa, madiresi mukuvala ngati matenti. Ena amati muli ndi matenda aakulu. Ena amati abambo akukumenyani. Ine ndathetsa mabodza. Ndakutetezani."

"Wanditeteza! Mayi anga andidulira foni lero chifukwa cha chitetezo chakocho. Mwamuna wanga ndamunyoza wosalakwa. Munthu amene sindikumudziwa wandigwira pamimba ngati mbuzi ya pamsika. Chotsa. Chithunzicho, apuyo, ndi chinkhope chili pakhomachi. Zonse."

"Chithunzi ndichotsa pompano, mukuona. Koma madzi akatayika saoleka, Mayi, chili kale m'magulu onse." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. Atawavalanso, nkhope inali ina. "Koma apu ayi. Apu ndi yanga. Ndinaipanga ndi mutu wangawu, popanda wondithandiza. Muli amayi a ku Italy mmenemo, atsikana a ku Dubai olera ana a eni, amene amati akamva mawu anu amamva ngati ali pakhomo pa amayi awo. Ndiwauze chiyani?"

"Uwauze kuti ndine munthu."

"Mutu ukakula sulewa nkhonya, Mayi. Munatiitana nokha. Tsiku ndi tsiku mumati, 'Abale anga, bwerani muone.' Tabwera. Lero mwakhuta ndiye mukuti m'nyumba mwanga mukutani? Pamene munkagulitsa poto mmodzi dzuwa mpaka kulowa, anakukwezani ndani? Zoonadi, kamba amanyerera amene wamutola."

Pokuaa sanadziwe kuti dzanja lafika bwanji pakhoma. Anangomva pepala likung'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi, nkhope yake itagawika pakati. Anang'ambanso, n'kuponda zidutswazo, mawu akutuluka okha, ena oti mayi wopemphera sangawabwereze. Atatembenuka, kanjira konse kanali kataima. Palibe amene anachita mantha. Onse anali akumwetulira, aliyense foni ili m'mwamba.

Apo m'pamene anatsitsa mawu. Anadzutsa mpando unagwa uja, n'kukhalapo, n'kusendera pafupi ndi Adomako.

"Anajambula ndani?"

"Mayina a abale sitiulula."

"Chabwino. Ndikhala pompano mpaka madzulo. Aliyense wobwera ndi foni ndimuuza kuti Adomako amachotsa mabatire abwino n'kuikamo akutha. Ndinena mokweza, anzakowa ajambule bwino. Iwe ukudziwa mmene pakamwa pangapa pamayendera. Si ndiwe umasunga mavidiyo?"

"Koma limenelo ndi bodza!"

"Nkhani yabwino sapempha."

Adomako anayang'ana anzake aja, n'kuweramira kukhutu kwa Pokuaa.

"Ndi Mfumukazi. Ndi mmene timawatchulira mu apu, chifukwa nkhani zonse za m'kati amatipatsa ndi iwowo: zimene mwavala, zimene zakukwiyitsani, tsiku limene mwayambana ndi abambo. Ine ndimayesa mukudziwa. Si mumakhala nawo tsiku lonse? Achemwali a Oforiwaa."

Ulendo wobwerera ku Bantama Pokuaa sanamve zimene anthu ankanena m'trotro. Ankangoona Oforiwaa. Oforiwaa wa kusukulu ku Mampong, amene ankagawana naye chinangwa chimodzi. Oforiwaa amene anagona naye pa mphasa imodzi m'kachipinda ka ku Asafo atangofika m'tauni, denga likudontha. Oforiwaa amene anamugwira mutu m'chipatala tsiku loipa lija, akulira kuposa mwini wake.

Anamupeza kuseri kwa okala, atawerama pa poto wamkulu, akukwecha makoko. Ogula anali atapita.

"Mfumukazi," anatero Pokuaa.

Dzanja la Oforiwaa linaima. Sanacheuke, ndipo sanafunse kuti akunena chiyani.

"Unanditsata?"

"Ndinakwera trotro ya m'mbuyo mwako."

"Chifukwa?"

Oforiwaa anaponya chokwechera m'madzi n'kuimirira, thovu likutsika m'mikono.

"Chifukwa unandinamiza! Unati ukukagula nyemba kumsika wa Kejetia. Ine wokuona ukusanza kuseri kuno m'mawa uliwonse. Ine amene wakhala ukundilawitsa shito chifukwa fungo lake likukubwezera. Ndinadikira kuti undiuze. Sabata, mwezi, ine zii, kudikira. Ulendo watha uja nsalu za magazi anakuchapira ndani? Lero ndasanduka mfiti yoti uindibisire mimba?"

"Ndiye ukanabwera kudzanditukwana pamaso! Ukanandimenya mbama, ndikanalandira. Koma iwe wanditenga n'kukandiyanika pamsewu. Anakupatsa chiyani Adomako?"

"Palibe."

"Palibe? Ndiye wandiyanika chabe, ngati masewera?"

"Amandidziwa mmenemo!" Mawu a Oforiwaa anasweka. "Zaka zonsezi ndagwira foni mpaka mkono kuuma. Nthabwala ya abusa ndi nkhuku ija, imene anthu amakuimitsira pamsewu, anakupatsa ndani? Ya mwini nyumba wowerenga madontho a madzi? Unayamba wanenapo kuti iyi ndi ya mnzanga? Anthu amabwera pano n'kundiponyera foni zawo, ati, 'Iwe mtsikana, tatijambule ndi Maame.' Mtsikana! Ine wa imvi m'mutu! Koma mu apu muja ndikangolemba kuti lero Maame wavala zobiriwira, anthu amandithokoza. Ndikakhala chete amafunsa kuti Mfumukazi yadwala kodi. Iwe unayamba wandifunsapo ngati ndadzuka bwino?"

Mawuwo anamulasa Pokuaa, chifukwa ena anali oona. Koma m'malo mozimitsa moto, anauthira mafuta.

"Ndiye mwana wanga ndi amene wakhala makwerero ako. Chabwino. Akachoka uyunso, ukalembe ndiwe woyamba, Mfumukazi. Usalole ena akupitirire. Ubwere ndi foni kuchipatala, ndidzakuuza bedi lake."

"Usatero, Pokuaa!" Oforiwaa anagwira pakamwa, misozi ikutsika. "Usalodze mwana ndi mawu. Nditangotumiza ndinati ndichotse, koma Adomako anali atamwaza kale. Ndakhala ndikufuna kukuuza kuyambira m'mawa."

"M'mawa unandiuza kuti mtima pansi."



Pokuaa analowa mu okala. Anatuluka ndi kamtengo ka miyendo itatu koimikapo foni, ndi nyale yozungulira imene ankayatsa pojambula. Anaziika pansi, pafupi ndi mapazi a mnzakeyo.

"Tenga. Foni uli nayo kale yako, ndaona kuti imajambula bwino. Uzijambula nkhope yako, akudziwe. Nthabwala zako tenganso, n'zako. Koma dzina langa lisadzatulukenso pakamwa pako kapena pa chala chako."

"Zaka zonsezi zithere pa chithunzi chimodzi?"

"Unajambula ndiwe."

Pokuaa analowetsa mapoto ali osatsukuluza, n'kukhoma loko, n'kumanga kiyi pa nsonga ya nsalu. Oforiwaa anatsala ataima pomwepo, nyale ili pamapazi.

Kunyumba Pokuaa anapeza Boakye atabwera kale, dzuwa likanali m'mwamba. Anali atakhala pakhonde ndi ovolosi yake ya mafuta. Pambali pa geti panali thumba lodzaza mpaka kukamwa.

"N'chiyani icho?"

"Abale ako," anatero Boakye osamuyang'ana. "Matewera, tinsapato, mabotolo. Ndapeza ataunjika pakhomo. Wina wasiya mafuta odzozedwa, ati uzipaka pamchombo. Sindikudziwa kuti nyumba ino anailozera ndani."

Pokuaa anakhala pansi pafupi ndi miyendo yake.

"Ndakulakwira, bambo. Pakamwa panga panathamanga."

"Pamathamanga masiku onse. Kungoti lero panagunda ine." Anapumira m'mwamba. "Ndani?"

"Oforiwaa."

Boakye anaimba kaluzu n'kupukusa mutu. "Amene amadya nafe fufu Lamlungu lililonse? Nanga wa mafoni wa ku Adumyo? Ndinene kwa anyamata, tikamuphunzitse kukonza mano m'malo mwa mafoni."

"Akakujambulani."

"Ajambula kale iwe." Anatulutsa foni n'kumupatsa. Mnzake wa kugalaja anali atamutumizira. Pokuaa anadziona akung'amba nkhope yake, akuponda, maso ali psu. Vidiyoyo inali kale pamwamba pa apu, ndipo Adomako anali atalemba kuti: MAYI WATHU ANATIYENDERA LERO! Anthu ankati iyi ndiye yoposa zonse. Wina ankati mimba ya mwana wamwamuna imakwiyitsa chonchi. Wina ankapempha kuti mawa akang'ambenso kwina.

Anaibweza foniyo. Mawu olalata anali atamuthera. Anazindikira kuti ngakhale atakuwa mpaka kusasa mawu, anthuwo angowomba m'manja n'kupempha ina.

"Undiperekeze ku Mampong mawa."

"Amayi akwiya, ukudziwa."

"Bola mkwiyo wa amayi, umathera m'nyumba."

"Nanga geni? Nanga mavidiyo?"

"Mpunga sudzatha pa dziko. Ndidzaphika ndikadzabwera ndi mwana kumsana. Enawo adye zimene ajambula kale."

M'mawa mwake Boakye anabwereka galimoto kwa mnzake. Anakwera phiri la ku Mampong mawindo atatseka, Pokuaa atagona kumpando wakumbuyo, foni atazimitsa. Anapeza Maame Konadu atakhala pabwalo, akusenda chinangwa. Mayiwo anayankha moni wa mkamwini wawo mwaulemu wonse, kumufunsa za ntchito ndi za makolo ake. Mwana wawo sanamuyang'ane.

"Alendo mwabwera nawowa asochera," anatero kwa Boakye. "Kuno si kufoni."

Pokuaa anaima ndi chikwama m'manja. Njira yonse anali atakonza mawu ambiri, oti afotokoze za Oforiwaa, za Adomako, za pangano lake ndi Boakye. Onse anabalalika.

"Maame, ndimaopa," anatero. "Ndimaopa kuti ndikanena, achokanso."

Mpeni unapitiriza kuyenda pa chinangwa. Khoko linagwa, lina linagwa.

"Miyezi ingati?"

"Inayi."

"Akugunda?"

"Pang'ono. Ngati kansomba."

"Wadya?"

"Ayi."

"Chitsiru cha mwana. Umadyetsa Kumasi yense, wekha n'kumayenda ndi njala." Maame Konadu anaponya mpeni m'beseni n'kuimirira, akudzigwira m'chiuno. Analanda chikwama chija. "Lowa ukagone pabedi panga, chipinda chinacho n'chotentha. Ndikupangira msuzi wopanda tsabola, ulalate ufune. Koma mlandu wa mkazi wa katekisiti sunathe. Tidzaukamba mwana ali pamiyendo panga."

Pokuaa anagona, koma tulo tisanamutenge anamva phokoso kugeti. Galimoto yachilendo inali itaoneka, ndipo nkhani inali itayenda kale m'mudzi. Anasuzumira pawindo. Panali atsikana a m'nyumba zoyandikana, mphunzitsi wina, ndi mkazi wa katekisiti patsogolo, aliyense foni ili m'manja.

Maame Konadu anatenga munsi wosinjira fufu, nakokera mpando pakati pa geti, nakhala, munsi atauika chopingasa pamiyendo.

"Tangobwera kudzaona Maame Shito," anatero mkazi wa katekisiti. "Kamodzi kokha, tijambule naye, tizipita."

"Ameneyo mukamufune m'mafoni mwanumo, ndi mmene amakhala," anayankha Maame Konadu. "Muno muli mwana wanga Pokuaa, ndipo wagona."